Nkhani za Phalombe pa intaneti: tchulani mwini, tsiku ndi malo

Namondwe wa Freddy ataomba chigawo cha kummwera m'mwezi wa Malichi 2023, madera ena a m'boma la Phalombe, monga kwa Nkhulambe, adakhala osafikika chifukwa misewu idaduka ndipo milatho idakokoloka. Zambiri mwa zithunzi zomwe dziko lidaona, za matope, miyala ndi nyumba zogumuka, zidatuluka kudzera m'mafoni a anthu omwe adali komweko, n'kumafalikira pa WhatsApp ndi pa Facebook.

Lero zithunzi ndi ziwerengero za masiku amenewo zimapezeka m'malipoti a mabungwe, m'makalata opempha thandizo ndi m'zolemba za ophunzira. Zina zimayenda zopanda dzina la mwini, zopanda tsiku komanso zopanda malo. Zikatero wojambula amataya ntchito yake, wowerenga amasowa potsimikizira, ndipo mbiri ya anthu omwe adataya abale awo imasanduka mphekesera. Kutchula gwero ndi mankhwala a mavuto atatu onsewa, ndipo kumamukhudza aliyense wolemba: wophunzira pa koleji ya zauphunzitsi ya Phalombe, wophunzira unamwino ku Holy Family, mtolankhani, mlaliki ngakhalenso mlembi wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi.

Kuba nzeru n'kutani?

Kuba nzeru ndi kutenga mawu, maganizo, ziwerengero kapena chithunzi cha munthu wina n'kuzionetsa ngati zako. Mchitidwewu uli ndi nkhope zingapo. Yodziwika kwambiri ndi kukopera ndime yonse pa tsamba la pa intaneti n'kuimata m'nkhani yako. Ina ndi kusintha mawu awiri kapena atatu m'chiganizo chilichonse koma mafupa a ndimeyo ali omwewo. Palinso kutchula gwero kumapeto kwa ndime koma osasonyeza kuti mawuwo adatengedwa monga momwe mwiniwake adawalembera.

Nkhope yomwe imakola olemba Chichewa ambiri ndi kumasulira. Munthu amapeza nkhani ya m'Chingerezi, n'kuitembenuzira m'Chichewa, n'kuikapo dzina lake. Chiyankhulo chasintha, koma kafukufuku, dongosolo la mfundo ndi thukuta ndi za mwini nkhani uja. Womasulira ayenera kunena kuti wamasulira, ndipo atchule amene adalemba.

Kusadziwa sikupulumutsa munthu. Wophunzira amene adaiwala komwe adatenga ndime ina ndi amene adabisa dala onse apereka ntchito yomwe si yawo, ngakhale chilango chingasiyane.

Mwambo wa olemba ndi lamulo la dziko

Kuba nzeru ndi kuphwanya lamulo la umwini wa ntchito zaluso ndi milandu iwiri yosiyana, ngakhale nthawi zambiri imayendera limodzi. Woyamba ndi mlandu wa chinyengo, ndipo umaweruzidwa kusukulu, kuntchito ndi pamaso pa anthu. Wachiwiri umatha kufika kukhoti.

Kuno ku Malawi nkhani za umwini zimayendetsedwa ndi lamulo la Copyright Act la 2016, lomwe lidalowa m'malo mwa la 1989. Bungwe la Copyright Society of Malawi, lomwe ambiri amalidziwa kuti Cosoma, lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziteteza eni ntchito zaluso. Dziko lino lidalowanso mu 1991 m'pangano la mayiko la Berne, lomwe lidayamba mu 1886. Pansi pa panganoli, ntchito imatetezedwa popanda mwiniwake kukailembetsa kwina kulikonse, ndipo kawirikawiri chitetezocho chimakhalapo moyo wonse wa mwini ndi zaka zina 50 iye atamwalira. Choncho chithunzi chomwe mnyamata wa ku Migowi wajambula pafoni n'kuika pa Facebook chili ndi mwini, ngakhale palibe chidindo.

Pangano lomweli limalola kugwira mawu ochepa a munthu wina pofuna kufotokoza kapena kutsutsa mfundo, bola gwero ndi dzina la wolemba zitchulidwe. Limanenanso kuti mfundo wamba za nkhani ya tsikulo zilibe mwini. Kuti mtsinje wasefukira, aliyense angathe kunena. Koma ziganizo zomwe mtolankhani wina wazipanga pofotokoza kusefukirako ndi zake.

Apa pali zinthu ziwiri zoyenera kuzisunga. Kutchula dzina la mwini sikupereka chilolezo chosindikiza nkhani yake yonse kapena chithunzi chake. Komanso kupatsidwa chilolezo sikuchotsa udindo wotchula dzina lake.

Nthawi yotchula gwero

Gwero liyenera kutchulidwa nthawi zonse pamene wolemba wagwira mawu enieni a munthu wina. Mawuwo aikidwe m'mitengero, tizizindikiro tija tomwe timakhala koyambirira ndi kothera kwa mawu ogwidwa. Liyeneranso kutchulidwa pamene wolemba wafotokoza m'mawu ake ganizo kapena zotsatira za kafukufuku wa wina, pamene wapereka chiwerengero chilichonse chomwe sadawerenge yekha, komanso pamene wagwiritsa ntchito chithunzi, mapu, kanema kapena mawu ojambulidwa.

Zinthu zodziwika kwa aliyense sizifuna gwero. Palibe chifukwa chotchulira buku ponena kuti Phalombe ili m'chigawo cha kummwera, kuti idachita malire ndi dziko la Mozambique, kapena kuti phiri la Michesi lili m'bomali. Koma wolemba akangoti boma la Phalombe lili ndi anthu 429,450, funso limabwera pompo: watero ndani, ndipo liti? Chiwerengerochi ndi cha kalembera wa 2018 yemwe adachitidwa ndi ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba. Wolemba amene sanena zimenezi amapangitsa wowerenga kuganiza kuti ndi chiwerengero cha chaka chino, chonsecho anthu akhala akubadwa, kumwalira ndi kusamuka kuchokera nthawi imeneyo.

Muyeso wosavuta ndi uwu: ngati wowerenga wanzeru angafunse kuti mwadziwa bwanji, tchulani gwero. Ngati mukukayika, tchulanibe. Palibe amene adalangidwapo chifukwa chonena komwe watenga mfundo.

Chifukwa chake tsiku ndi lofunika

Buku likasindikizidwa limakhala momwemo, koma za pa intaneti zimasintha, ndipo nkhani zakale zimakhalabe pomwepo pambali pa zatsopano. Ziwerengero za Namondwe wa Freddy zimaonetsa bwino vutoli.

Pa 13 Malichi 2023, tsiku lomwe mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Lazarus Chakwera, adalengeza kuti maboma a kummwera agweredwa ngozi, chiwerengero cha anthu omwalira chomwe boma lidapereka chidali 99. Pa 14 Malichi chidafika pa 190, pa 15 Malichi pa 225, ndipo pa 16 Malichi pa 326. Lipoti lounika chionongeko lomwe boma lidatulutsa mu Epulo chaka chomwecho mogwirizana ndi mabungwe akunja lidati anthu 679 adamwalira ndipo 537 adasowa. Ziwerengero zonsezi zikupezekabe pa intaneti, ndipo chilichonse chidali cholondola pa tsiku lake. Wolemba amene angotenga 326 osatchula tsiku wanena bodza pogwiritsa ntchito chiwerengero choona. Amene angatenge 679 n'kulemba ngati ndi anthu a ku Phalombe okha walakwanso, popeza chiwerengerocho ndi cha maboma onse omwe adakhudzidwa.

Mfundo zina zimatsimikizika patapita nthawi. Kuti Freddy ndi namondwe yemwe adakhala nthawi yaitali kuposa onse olembedwa m'mbiri, masiku 36, bungwe loona zanyengo padziko lonse la World Meteorological Organization lidatsimikiza mu Julaye 2024. Nkhani zomwe zidalembedwa izi zisadachitike zimatchula mfundoyi ngati yoyembekezera kutsimikizidwa, ndipo zina zimapereka masiku osiyana.

Ngozi ya napolo ya mu Malichi 1991, pomwe madzi, matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana, ili ndi phunziro lina. Masamba a pa intaneti sagwirizana pa chiwerengero cha omwalira. Wolemba woona mtima sasankha chomwe chamusangalatsa n'kubisa zinazo, koma amanena kuti gwero lakuti likuti chakuti, ndipo lina likuti chakuti. Adziwenso kuti panthawiyo Phalombe idali mbali ya boma la Mulanje, ndipo idakhala boma paokha mu 1998. Choncho zolemba zina zakale zimaika ngoziyi pansi pa dzina la Mulanje.

Katchulidwe kake

Njira zotchulira gwero zilipo zingapo, monga ya APA ndi ya Harvard, ndipo sukulu iliyonse imauza ophunzira ake yoti atsate. Zimasiyana poika mipumiro ndi mipatuliro, koma zonse zimayankha mafunso anayi: adalemba ndani, adalemba liti, mutu wake ndi wotani, ndipo zikupezeka kuti. Pa za pa intaneti pamaonjezeka chinthu chachisanu, chomwe ndi tsiku lomwe wolemba adaliona tsambalo, makamaka ngati ndi tsamba lomwe limasinthasintha.

M'zolemba za kukoleji, gwero limatchulidwa kawiri. Mkati mwa ndime mumaikidwa dzina la wolemba ndi chaka m'mabulaketi, komanso nambala ya tsamba ngati mawu agwidwa. Kumapeto kwa ntchito yonse kumakhala mndandanda wa magwero onse mwatsatanetsatane. Pa chiwerengero cha anthu chija, wolemba ndi National Statistical Office, chaka ndi 2019 pomwe lipoti lalikulu la kalemberayo lidatuluka, mutu ndi 2018 Malawi Population and Housing Census Main Report, kenako keyala ya tsamba lomwe lipotilo lapezeka.

M'nyuzipepala, pa wailesi ndi pa guwa mulibe mndandanda wotere. Gwero limalowa m'chiganizo momwemo: malinga ndi kalembera wa 2018, monga idanenera nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya Dodma pa tsiku lakuti. Nkhani ikakhala ya pa intaneti, ndi bwino kuikapo linki yopita ku gwerolo.

Tsamba likakhala lopanda dzina la munthu, bungwe lomwe ndi mwini tsambalo ndilo limatengedwa ngati wolemba. Likakhala lopanda tsiku, wolemba anene kuti tsiku silidalembedwe, asapeke. Likakhala lopanda zonse ziwiri, ndi bwino kufunafuna gwero lina.

Popeza masamba amafufutidwa ndipo malinki amafa, wolemba wosamala amasunga umboni. Angathe kujambula tsambalo pafoni, kusunga lipotilo mu kompyuta, kapena kulisungitsa ku Wayback Machine, nkhokwe ya bungwe la Internet Archive yomwe imasunga masamba monga momwe adalili pa tsiku lakutilakuti.

Kufika ku gwero lenileni

Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Zambiri za pa intaneti ndi za kandimverere, nkhani yomwe yadutsa m'manja ambiri. Google si gwero, koma njira yopezera magwero. WhatsApp nayo si gwero, koma msewu womwe uthenga wadzera. Kulemba kuti chithunzi chachokera pa masamba a mchezo n'chimodzimodzi kunena kuti nkhani waimva m'minibasi.

Uthenga ukati Dodma yalengeza zakuti, wolemba afufuze chikalata cha Dodma chenichenicho. Nkhani ikati kafukufuku wapeza zakuti, afufuze kafukufukuyo. Akalephera kumupeza, anene mosabisa kuti mfundoyo waipeza kudzera m'nyuzipepala yakuti, osanamizira kuti wawerenga lipoti lomwe sadalione.

Wikipedia ndi poyambira pabwino koma si pothera, chifukwa aliyense angathe kusintha zomwe zalembedwapo. Phindu lake lalikulu lili kumunsi kwa tsamba, komwe kuli magwero omwe wolemba angawatsate.

Mapulogalamu olemba okha monga ChatGPT, yomwe idatuluka mu Novembala 2022, abweretsa msampha watsopano. Amatha kupeka mitu ya mabuku, mayina a olemba ndi ziwerengero zooneka ngati zenizeni. Mu Juni 2023 woweruza wina ku New York adalipiritsa maloya chindapusa cha madola 5,000 atapereka kukhoti zigamulo za milandu zomwe pulogalamuyi idangopeka. Pa boma ngati Phalombe, lomwe zolembedwa zake pa intaneti ndi zochepa, wolemba ayenera kusamala kwambiri. Gwero lililonse lomwe makina apereka liyenera kutsegulidwa ndi kuwerengedwa, ndipo kupereka zolemba za makina ngati zako ndi chinyengo chofanana ndi kukopera kwa mnzako.

Zithunzi ndi makanema

Chigawo cha kummwera chakumana ndi anamondwe angapo m'zaka zochepa: Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, kenako Freddy mu 2023. Madzi osefukira amaoneka mofanana, choncho chithunzi cha chaka china kapena cha dziko lina chingathe kuyenda ngati cha dzulo ku Chiringa. Musadachigwiritse ntchito, chifufuzeni pa Google Lens kapena TinEye, zomwe zimaonetsa malo ena omwe chithunzicho chidaikidwapo kale. Kenako pezani wojambula, mumufunse malo ndi tsiku, mumupemphe chilolezo, ndipo mulembe dzina lake pansi pa chithunzicho. Munthu amene watumiza chithunzi pagulu si nthawi zonse amakhala amene adachijambula.

Mlandu wa Daniel Morel ndi chenjezo kwa onse. Iye ndi wojambula wa ku Haiti yemwe adaika pa Twitter zithunzi za chivomezi cha mu Januwale 2010. Munthu wina adazitenga n'kuziikanso ngati zake, ndipo bungwe lofalitsa nkhani la AFP lidazigawa padziko lonse pamodzi ndi kampani ya Getty Images popanda chilolezo cha mwiniwake. Mu Novembala 2013 khoti la ku New York lidalamula kuti Morel alipidwe madola 1.2 miliyoni. Phunziro lake ndi lakuti kuika chithunzi poyera sikutanthauza kuchipereka kwa aliyense.

Pa zithunzi za ngozi pali anthu ena oyenera kuwaganizira kupatula wojambula. Omwe ali m'chithunzimo, amoyo ndi omwalira, ali ndi abale omwe amawerenga nkhani zathu.

Zomwe zili m'mitu ya akuluakulu

Mbiri yambiri ya Phalombe siili pa intaneti. Ili ndi agogo omwe adaona napolo wa 1991, asodzi a ku nyanja ya Chilwa ndi oimba ng'oma za tchopa. Gule wa Alhomwe ameneyu adalowa mu 2014 m'ndandanda wa Unesco wa miyambo yofunika kusungidwa, ndipo amene akulemba za iye angathe kutchula tsamba la bungweli pa mfundo imeneyi. Koma tanthauzo la nyimbo kapena la chovala china limachokera kwa eni gule.

Munthu wofunsidwa ndi gwero lofanana ndi buku. Atchulidwe dzina, mudzi, mfumu yaikulu ya dera lake ndi tsiku lomwe adacheza ndi wolemba, iye atavomera. Akakana kutchulidwa, wolemba anene kuti mfundoyo yachokera kwa munthu wa m'dera lakuti yemwe sadafune kutchulidwa. Kulemba nzeru za mayi wa kwa Nazombe ngati zomwe wofufuza watulukira yekha ndi kuba komwe, ngakhale mayiyo sangadzaione nkhaniyo.

Kulemba m'mawu ako

Kukopera kwambiri kumayambira pa nthawi yosonkhanitsa mfundo. Munthu amamata ndime zingapo m'foni kapena m'kompyuta, ndipo pakatha sabata sakumbukiranso kuti zake ndi ziti, za eni ndi ziti. Njira yopewera izi ndi kulemba gwero nthawi yomweyo pamwamba pa mfundo iliyonse, ndi kuika mitengero pa mawu aliwonse okopedwa.

Pofotokoza ganizo la wina, werengani ndimeyo mpaka muimvetse, tsekani tsambalo, lembani monga momwe mungafotokozere mnzanu, kenako tsegulaninso kuti muone ngati tanthauzo silidapotoke komanso ngati ziganizo za mwini sizidatsalemo. Mukatero tchulanibe gwero, chifukwa mawu ndi anu koma ganizo ndi lake.

Mayunivesite ambiri padziko lapansi amagwiritsa ntchito mapulogalamu monga Turnitin poyerekeza ntchito ya wophunzira ndi zomwe zidalembedwa kale. Mapulogalamuwa amangoonetsa kufanana kwa mawu, ndipo woweruza amakhala mphunzitsi. Nthawi zambiri mphunzitsi wodziwa ana ake safunanso makina: wophunzira amene Chingerezi chake chasintha mwadzidzidzi pakati pa tsamba wadziulula yekha.

Mtengo wake

Kusukulu, chilango chimayambira pa kulephera phunzirolo mpaka kuchotsedwa, malinga ndi malamulo a sukuluyo. Mlanduwu sukalamba. Karl-Theodor zu Guttenberg, yemwe adali nduna ya zachitetezo ku Germany, adalandidwa digiri yake ya udokotala ndi yunivesite ya Bayreuth mu Febuluwale 2011 zitadziwika kuti mbali zambiri adakopera, ndipo adatula pansi udindo pa 1 Malichi chaka chomwecho. Mu 2003 mtolankhani Jayson Blair adasiya ntchito ku nyuzipepala ya New York Times atagwidwa kuti amakopera ndi kupeka nkhani, ndipo akonzi awiri akuluakulu adatsatira.

Ku Phalombe mtengowu ungagwere anthu omwe sadalembe chilichonse. Kalata yopempha mlatho, sukulu kapena chipatala imadalira ziwerengero. Wopereka thandizo akapeza kuti chiwerengero china ndi cha boma lina, kapena kuti chithunzi ndi cha chaka china, amayamba kukayikira kalata yonse, ndipo ovutika ndi anthu a m'mudzimo. Ophunzira omwe adzafufuze za Freddy zaka 30 zikubwerazi adzadalira zomwe zikulembedwa lero, monga momwe ife tikudalirira zomwe zidalembedwa za 1991. Adzatha kusiyanitsa choona ndi chongomva pokhapokha ngati wolemba aliyense wasiya dzina la mwini, tsiku ndi malo pambali pa mfundo yomwe wabwereka.